Machesi a Bwana Dzimbiri

Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya ulonda wa nkhalango, munthu amene anandilakwira ndi mmodzi yekha, bwana Dzimbiri. Anandipatsa machesi ndi dzanja lawo kuti nditenthe phiri mwezi wa Okutobala, ndipo phirilo litapsa analemba kalata yoti ndinayatsa ndekha nditaledzera, ine munthu woti mowa sindinaulawepo chibadwire. Inu ana anga munakula mukumva anthu akunditcha Chimoto, ndipo ndikudziwa kuti ena a inu munamenyanapo ndi anzanu kusukulu chifukwa cha dzinalo. Ndalemba mutu uno kuti mudziwe kumene linachokera, komanso kuti mudziwe za a Bitoni, amene palibe pepala la boma limene linawayamikirapo.

Chaka choyamba, mwezi wa Juni

Sukulu ndinalekera Sitandade 5. Sanandichotse chifukwa cha umbuli ayi, koma ndinalanda chikwapu m'manja mwa aphunzitsi n'kuchithyola pamaso pa kalasi yonse. Mtima wanga unali wotero, wapachala. Nditazungulira zaka zingapo m'maganyu, malume anga anandipezera malo a ulonda ku nkhalango ya boma ya kumtunda kwa Matandani. Anandipatsa malaya a khaki, lamba, chipewa ndi wezulo. Jombo anati zikubwera, ndipo zinabweradi patatha zaka ziwiri, zonse za phazi lamanzere. Alonda tinalipo atatu, chikwanje chimodzi, makasu anayi opanda mipini. Woyang'anira anali bwana Dzimbiri, munthu wochokera kutali, wophunzira bwino, wa nsapato zowala ngakhale nthawi ya matope. Tsiku loyamba anandiuza lamulo limodzi: “Iwe Fayisoni, aliyense woyatsa moto mkati mwa malire popanda kalata yochokera ku ofesi, umugwire. Usafunse kuti ndi mwana wa yani.” Ine lamulolo ndinalikonda kwambiri, poti kugwira anthu ndiye kunali kukhoza kwanga.

Sabata yachitatu ndili pa ntchito, chakumadzulo dzuwa likadalipo, ndinaona utsi m'mbali mwa khwawa. Ndinathamanga ndikuliza wezulo. Ndinapeza bambo wachikulire, wamfupi, wa miyendo yamatewe, akuyenda pang'onopang'ono ndi muuni wa udzu, akuyatsa ngati munthu wodzala nyemba. Ndinawagwira pakhosi pa malaya. Iwo sanadzidzimuke. Anayang'ana dzanja langa, kenako mapazi anga, n'kunena kuti, “A Boma, mwabwera opanda nsapato? Sunthani pang'ono, mupsa chala.” Ndinati tiyeni ku ofesi. Anati, “Tipita. Koma moto wanga sindiusiya uli maso. Tiudikire ugone, kenako mundimange.”

Tinaima pamenepo, ine nditagwirabe malaya awo. Ana anga, moto ndinali nditauonapo kambirimbiri, koma wotere ayi. Unkayenda ngati nkhuku yotola chakudya, wosapitirira m'mawondo, ukunyambita udzu wouma n'kusiya timitengo tating'ono tili chiimire ndi masamba ake. Chithunzi cha phiri chitafika pakhwawa, mphepo inazizira, udzu unayamba kunyowa, ndipo motowo unafooka wokha n'kuzima, popanda munthu woumenya ndi nthambi. Kumbuyo kwake kunatsala lupsa lotambalala ngati msewu. Dzanja langa linali litasiya kale malaya aja osadziwa ine.

Amenewa ndiwo anali a Bitoni, mkulu wa mpingo m'mudzi wa kumunsi, wofula uchi. Anathyola phesi la tsekera n'kulikulunga pa chala changa. “Likapindika osathyoka, ndiye kuti nthawi sinakwane, moto sugwira. Likathyoka n'kudukiratu, mwachedwa, bwererani kunyumba ndi machesi anu. Koma likang'aluka mbali imodzi n'kugwirabe mbali inayo, ngati ili, tsiku lake ndi lomwelo.” Anandiuza kuti banja lililonse la m'mudzimo linali ndi chigawo chake cha lupsalo, kuchokera pa mtengo wakuti kufika pa mwala wakuti, ndipo zigawozo zikalumikizana zinkazungulira malo amodzi amene iwo ankangowatcha kuti Msitu. Ndinafunsa kuti Msitu n'chiyani, poti ponseponse panali mitengo. Anaseka. “Mwakhala masabata atatu mukulondera chinthu chimene simunachione? Mubwere mawa.”

M'mawa mwake ananditengera kumeneko. Pa mwala wina waukulu anatsamiritsa nkhwangwa yawo, n'kundiuza kuti nanenso ndisiye chikwanje cha boma. Anavula chipewa. Titalowa masitepe makumi awiri okha, dzuwa linasowa. Kunja udzu unali wofiira, fumbi lili koboo, koma mkatimo munali mozizira ngati m'mtsuko. Mbawa zake anthu anayi sakanazikwanitsa kuzikumbatira. Mikuyu, akatope, zilambe zokula ngati ntchafu ya munthu zikulendewera kuchokera kumwamba kumene maso sankafika. Nkhulukulu inadutsa pamwamba pathu, mapiko ake ofiira ngati magazi, n'kulowanso mumdima. Pansi pa muzu wa mbawa yaikulu koposa, madzi ankatuluka mumchenga, mchengawo ukuvina ngati ukuwira, koma ozizira mpaka mano kuwawa. Ndinapezeka kuti chipewa changa chili m'manja.

Ndinanong'ona kuti, “Kodi muno muli mizimu?” A Bitoni anati, “Ine ndine wa mpingo, a Boma, za mizimu sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtsinje umene amatunga akazi athu umayambira pansi pa muzu uwu. Munthu ukalowa m'nyumba ya amene amakumwetsa, umavula chipewa. Basi.”

Sindinawamange. Sindinanenenso ku ofesi. Chaka chachiwiri ndinapita ndekha kukawathandiza, nditavula malaya a khaki, ndipo anandipatsa kachigawo kanga, kuchokera pa msuku wopindika kufika pa chulu.

Chaka chachitatu, mwezi wa Okutobala

Boma nalonso linali ndi lamulo lotentha tchire molawirira kuzungulira munda wake wa paini, koma lake linkadikira kalata. Chaka chimenecho kalata inafika nthawi yake, mu Juni, koma inagona m'dirowa ya bwana Dzimbiri, amene masiku amenewo ankakhala kwambiri ku Boma kuposa kuphiri. Anali atalembera kale akuluakulu kuti ntchito yatheka. Ndiye kunabwera uthenga woti Lolemba kukufika woyendera kuchokera ku likulu. Woyenderayo akanafuna kuona lupsa, koma kuzungulira paini udzu unali wopitirira mutu wa munthu.

Loweruka m'mawa anandiitanira kumunda wa paini. Anzanga awiri aja anali atawatuma kukatenga mbande. Anatulutsa bokosi la machesi m'thumba la malaya n'kuliika m'dzanja langa. Ndinathyola phesi la tsekera pamaso pawo, linangoti thyo, n'kudukiratu. Ndinati, “Bwana, tachedwa ndi miyezi inayi. Komanso lero ndi Sabata, mudzi wonse uli ku tchalitchi. Moto ukathawa, atithandiza ndani?” Iwo anati, “N'chifukwa chake ndasankha lero, kuti pasakhale maso ambiri.” Ndinakanabe. Apo anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena mofatsa kuti, “Sukulu inakukanika, eti? Tsopano ndi machesi omwe akukanike? Bweretsa, ndikapatse mkazi wotiphikira ku ofesi uja, iye saopa udzu.”

Pano ndiyenera kunena zoona, poti nkhani imeneyi mudzaiwerenga ine kulibe. Sanandigwire dzanja. Ndinayatsa ndine, ndipo ndinayatsa chifukwa cha mkwiyo, kuti aone kuti sindine wamantha. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene phesi lija linanena.

Moto wa Juni umayenda. Wa Okutobala umauluka. Ndisanaimirire n'komwe unali utandipitirira msinkhu, ndipo mphepo yochokera kuchigwa inaunyamula n'kuuponya m'munda wa paini. Mitengo ija inkayaka kuyambira pansi mpaka kunsonga nthawi imodzi, ikuphulika ngati mfuti. Nditacheuka, bwana Dzimbiri anali ali kale pa njira ya ku ofesi, akuti akukaitana thandizo. Moto utamaliza paini unakhotera kukhwawa, kulunjika ku Msitu, ndipo kuseri kwa Msitu kunali mudzi, nyumba zonse zaudzu, nkhokwe zili ndi chimanga.

Ndinathamanga molambalala mpaka pa lupsa la anthu a m'mudzi lija, limene tsopano linali litamera msipu waufupi wobiriwira. Ndinafika ndekha ndi nthambi imodzi m'manja, chitsiru chenicheni. Kenako ndinamva phokoso kumbuyo. Anali anthu a ku tchalitchi, atasiya ulaliki pakati. Abambo m'malaya oyera, ena jekete zili m'manja, amayi atamanga zitenje pamwamba pa madiresi a Sabata, aliyense akuthyola nthambi yaiwisi akuthamanga. Panalibe wolamula, koma banja lililonse linapita pa chigawo chake, pa mtengo wake ndi mwala wake, ngati mmene amakhalira m'mabenchi. A Bitoni anafika pambuyo ndi miyendo yawo ija, Baibulo lili kukhwapa. Analipereka kwa akazi awo, n'kutambasula dzanja kwa ine. “Machesi, a Boma.” Sanafunse kuti wayatsa ndani.

Ndinati lupsa ili silikwanira, moto uwu ulidumpha. Anati, “Ulidumphadi. N'chifukwa chake tiutumizira mnzake.” Anapanga miuni n'kuigawa, anthu anaima kumphepete kwa lupsa, kumbali yoyang'ana moto, koma anati wina asayatse asananene. Iwo anatulutsa kansalu kopukutira thukuta n'kukagwira ndi zala ziwiri m'mwamba. Kansaluko kankaulukira kwa ife, kuloza ku Msitu. Moto unkabwera ngati khoma, wautali kuposa denga la tchalitchi, ukulira ngati malole ambiri pa mlatho. Agwape awiri anatidutsa pakati pa miyendo osatiopa. Mbalame zinkazungulira mu utsi zikugwira ziwala. Nkhope yanga inayamba kuwawa ndi kutentha. Mayi wina anakuwa kuti, “Abambo, tiyatse, tipsa!” A Bitoni anati, “Dikirani.” Ine ndinakuwa kuti, “Mdala, mwapenga kodi?” Anati, “Dikira, Fayisoni.” Aka kanali koyamba kunditchula dzina.

Ndiye ndinaona chinthu chimene mpaka lero sindichiiwala. Kansalu kaja kanagwa n'kulendewera. Kenako kanadzuka pang'onopang'ono n'kuloza kumoto. Mphepo inatembenuka, ndinaimva ikundiomba kumsana, yozizira, ikuchokera mu Msitu, ngati kuti moto waukuluwo ukupuma n'kukokera mpweya wonse kwa iwo wokha. “Tsopano!” Miuni yonse inagwa pansi nthawi imodzi. Moto wathu unayamba waung'ono, unakula, unathamanga kutisiya ife, kukakumana ndi unzake. Atakumana, malawi anakwera kumwamba mpaka dzuwa linasanduka lofiira ngati mwezi, kunamveka chiphokoso chimodzi chachikulu, kenako zii. Panatsala utsi, phulusa likugwa ngati mvula, ndi anthu akumenya timoto todumpha ndi nthambi zawo. Nditacheuka, Msitu unali uli chiimire, wobiriwira bii pakati pa dziko lakuda, tsamba ngakhale limodzi losafota. Mkati mwake nkhulukulu inkalira ngati palibe chachitika.

Ndinakhala pansi paphulusa. A Bitoni anandibwezera machesi aja. Malaya awo oyera anali atabooka mabowo ang'onoang'ono paphewa ponse. Anati, “Sungani katundu wa boma. Ife tikamalize pemphero, tinalisiya pa ndime yachitatu.”

Lolemba lake

Woyendera asanafike, bwana Dzimbiri anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anali atakwera kuphiri Lamulungu ndipo lupsa la anthu a m'mudzi analiona. Patebulo panali mapepala awiri otayipa. Loyamba linkati anthu a m'mudzi, motsogozedwa ndi Bitoni, akhala akutentha nkhalango ya boma mobisa chaka ndi chaka, ndipo ndiwo awononga paini. Lachiwiri linkati mlonda Fayisoni anayatsa yekha ataledzera. Anati, “Saina limodzi. Ine ndikanakhala iwe ndikanasaina loyambali, ntchito yako ikhala, mwinanso ukwezedwa.”

Inu obadwa masiku ano simungamvetse kulemera kwa pepala loyambalo. Nthawi imeneyo munthu akanenedwa kuti akuwononga chuma cha boma mwadala, sinkakhala nkhani ya chindapusa. Inkasanduka nkhani ya chipani. Kunkabwera galimoto, ndipo wotengedwayo abale ake sankafunsa n'komwe kumene wapita. Ndinati, “Nanga ndikawauza oyenderawo kuti machesi munandipatsa ndinu?” Anamwetulira. “Uwauze. Ine akandidzudzula pakamwa, mwina kundisamutsa. Koma akandifunsa kuti moto unaima bwanji pakhwawa paja, ndipo ndikawatengera pa lupsa la mdala wako. Ukanditchula, ndimutchula.”

Pakona pa ofesi panali mpini wa khasu watsopano. Ndinauyang'ana nthawi yaitali, ndipo iwo anaona kuti ndikuuyang'ana, poti anasuntha mpando. Chimene chinandigwira si mantha ayi. Ndinangomva mawu aja, dikira, Fayisoni, ndi kansalu kaja kali lende. Ndinatenga cholembera n'kusaina pepala lachiwiri, mwamphamvu mpaka linang'ambika pansi pa dzina. Woyendera atandifunsa ngati ndili ndi chonena, ndinati ndilibe. Anandinunkhiza m'kamwa ngati kuti mowa wa Loweruka ungadikire mpaka Lolemba.

Sanandichotse ntchito, poti alonda ankasowa. Ananditsitsa n'kunditumiza ku Matope. Tsiku lonyamuka a Bitoni anabwera pamsewu ndi chikho cha uchi. Sindinawauze za mapepala awiri aja, ndipo iwo sanafunse, koma anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kenako anati, “Chigawo chanu cha pa msuku tikusungirani. Koma kuchigwako musakagwire anthu pakhosi, asodzi si ofatsa ngati ine.”

Zaka za ku Matope

Ku Matope ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi, kulondera mitsanya ndi mitengo ya m'mbali mwa Shire. Munthu wa kuphiri ngati ine kutentha kwa kumeneko kunkandidwalitsa, ndipo dzina la Chimoto linafika ine ndisanafike. Kumeneko n'kumene ndinakwatira mayi anu. Anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anakwezedwa, ine pepala lija linkanditsekera khomo nthawi zonse. Usodzi sindinauphunzire, koma ndinkakonda kuima pamene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala n'kuyamba kubangula, ndikuganiza kuti mwina m'madzi onsewo muli kachikho kamodzi kochokera pansi pa mbawa ija. Bokosi la machesi lija ndinalikulunga m'kapepala n'kuliika pansi pa sutikesi. Mayi anu analipeza kawiri, kawiri konse ankafuna kuyatsira mbaula, ndipo kawiri konse tinakangana. Kachitatu ndinawafotokozera zonse. Anati, “Ndiye mudzalankhula liti?” Ndinati a Bitoni akadali moyo, pakamwa panga ndi potseka.

Chaka chimene ndinabwerera

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Moto utawononga minda ya paini m'madera ena, akuluakulu anayamba kunena kuti anthu a m'midzi aziloledwa kuthandiza kutentha molawirira. Ananditumizanso kumtunda kwa Matandani, poti mwa alonda atsopano panalibe wodziwa mapiri amenewo. Ndinafika mwezi wa Meyi, ndipo ndinapeza a Bitoni atamwalira nyengo ya mvula yomweyo. Akazi awo anandilozera manda, kenako anandilozera kuphiri. “Anati mukadzabwera tikuuzeni kuti msuku uja unagwa, koma chitsa chilipo.”

Mu Juni kunabwera uthenga woti kukufika alendo ochokera ku likulu kudzaona mmene nkhalango yachilengedwe ingatetezedwere, ndipo wowatsogolera ndi mkulu wa za nkhalango m'chigawo chonse, bwana Dzimbiri yemwe uja. Atatsika m'galimoto ndinawazindikira ndi nsapato. Anali atanenepa, imvi zitayamba. Mayi anu m'mawa umenewo anaona ndikutsegula sutikesi, ndipo anangoti, “Abambo, ana ndi anayi tsopano. Mukalankhule ndi pakamwa, osati ndi manja.”

Ndinawatsogolera mpaka pa mwala wosiyapo nkhwangwa. Anthu a m'mudzi anali atasonkhana pamenepo, akazi a a Bitoni ali kutsogolo. Tinalowa mu Msitu ndi alendo aja, anthu a m'mudzi akutitsatira. Mbawa zija zinali momwemo, madzi akuvinitsabe mchenga pansi pa muzu. Mmodzi wa alendowo, mayi wovala magalasi, anagwada n'kumwa ndi manja. Kenako anafunsa kuti zatheka bwanji kuti malo otere apulumuke pamene mapiri ena onse ndi zitsa zokhazokha. Bwana Dzimbiri anakonza kukhosi. Anati pamene ankayang'anira dera lino, anayambitsa njira yozunguliza lupsa mwezi wa Juni, n'kuphunzitsa anthu a m'mudzi, ngakhale kuti zinali zovuta chifukwa cha alonda ena osasamala. Ponena mawu omalizawo sanandiyang'ane. Ndikhulupirira kuti anali atandiiwala nkhope.

Ndinamva kutentha kuja kukukwera kuchokera pamimba, kumene kunandichotsa sukulu, kumene kunayatsa phiri. Ndinakulola kufika pakhosi, ndipo ndinadikira mpaka kutabwerera. Kenako ndinazula phesi la tsekera limene ndinali nditatsomeka pa lamba n'kuwapatsa. Ndinati, “Bwana, alendowa angakonde kuona mmene mumadziwira kuti tsiku lotentha lakwana.” Analitembenuza uku ndi uku, analinunkhiza, n'kuseka kuseka kopanda mano. Palibe anawathandiza kuseka. Apo ndi pamene anandiyang'anitsitsa, ndipo ndinaona dzina langa likufika m'maso mwawo.

Ndinatulutsa bokosi lija, chithunzi chake chitafufutika kale, n'kuliika m'dzanja lawo monga mmene iwo analiikira m'dzanja langa. Sindinakweze mawu, mu Msitu sakuwa.

“Machesi anu awa, bwana Dzimbiri, munandipatsa Loweruka lija. Kamtengo kamodzi ndinayatsira phiri chifukwa munandinyoza, ndipo mlandu umenewo ndausenza ndekha zaka zonsezi. Kachiwiri anayatsa ndi a Bitoni, amene munkafuna ndiwapereke, ndipo n'chifukwa chake muli ndi mthunzi woimamo lero. Akazi awo ndi awa aima apawa. Vulani chipewa, bwana. Muli m'nyumba ya eni ake.”